A Osborne Ankayamba Alonjera Denga

Amalawi a ku Birmingham, kuyambira ku Handsworth mpaka ku Sparkhill, amasiyana pa zambiri, koma za malemu a Osborne Kachingwe onse akuuzani chimodzimodzi: bambo amenewa sankapereka moni kwa munthu asanayang'ane kudenga. Ukawatsegulira chitseko n'kutambasula dzanja, dzanjalo linkatsala m'malere. Iwo ankalowa mutu uli m'mwamba ngati nkhuku yomwa madzi, maso akusaka kambale koyera kaja kamene kamalira kakamva utsi. Akakapeza ankadina batani lake ndi ndodo, nyumba yonse n'kuti tswiii, ana n'kutseka m'makutu. Pamenepo m'pamene ankatsitsa mutu n'kufunsa mwaulemu wonse kuti kuno mwaswera bwanji.

Ndodoyo unali mpini wa mopu wamba, koma ulemu umene inkalandira ngakhale ndodo ya bishopu siuona. Inkakwera nawo basi, inkalowa nawo m'tchalitchi, ndipo pa ukwati wina ku Wolverhampton inajambulidwa nawo pa chithunzi cha akubanja. Paphewa pawo pankalendewera kachikwama kodzaza mabatire, sikuludilaiva ndi kaburashi kochotsera fumbi. Anthu anawapatsa dzina loti a Kudenga, ndipo eni ake ankavomera ngati la ubatizo.

Za makutu awo ndiye musanene. Alamu ya utsi, batire likamatha, imayamba kulira ngati kamwanapiye: tswi, n'kukhala chete, patapita kanthawi tswi. Anthu ambiri amangozolowera n'kumakhala nayo ngati mbale wawo wa chifuwa. A Osborne ankati kulira kumeneko amakumva ali pamwamba pa basi mumsewu wa Soho, mawindo ali otseka. Ena ankatsutsa, mpaka tsiku limene mayi wina wa ku Coventry anatumiza uthenga wa mawu pa gulu la WhatsApp, kuitanira anthu ku phwando la mwana wake. Anthu onse anamva za phwandolo. A Osborne anamva tswi kumbuyo kwa mawu a mayiyo. Tsiku lomwelo anakwera sitima, ndipo mayi uja atatsegula chitseko anapeza bambo wosawadziwa akuyang'ana pamwamba pa mutu wake. Kuyambira pomwepo, anthu akafuna kutumiza uthenga pagulupo ankayamba atuluka panja.

Ngakhale abusa sanapulumuke. Pa mapemphero a m'nyumba ina ku Handsworth, anthu atatsinzina, abusa atafika pamene pemphero limatentha, akuitana moto wakumwamba kuti utsike, a Osborne anaona kuti nthawi yabwino yoyesera alamu ndi yomweyo. Anadina. Mayi wina wamvano anagwa pampando, ndipo mkulu wa mpingo wina anaulula yekha pambuyo pake kuti ankayesa lipenga lomaliza lalira iye asanakonze zina ndi zina. Abusa atawadzudzula, iwo anayankha modekha kuti ngati moto ukuitanidwa m'nyumba ya eni, ndi bwino kudziwiratu ngati alamu ili moyo.

Chimene chinawayambitsa zonsezi anthu ankachinena mosiyanasiyana. Ena ankati anali ozimitsa moto kwawo ku Zomba, ena ankati kampani ya mabatire imawalipira mobisa. Zoona zake sizinali zovuta. Anabwera ku England kalekale, anthu asanayambe kubwera ndi maviza osamalira okalamba, ndipo anagwira ntchito zaka zambiri pa fakitale ina ya penti ku Smethwick mpaka mphuno yawo inasiya kumva fungo lililonse. Nyama ikapserera sankadziwa, mafuta onunkhira a amayi a kutchalitchi ankangowapita. Ankakonda kunena kuti iwo mphuno inafa kamodzi, koma ya wina aliyense imafa tsiku ndi tsiku akangogona, ndiye nyumba imafunika kukhala ndi mphuno yakeyake yosagona.

Mdani wawo wamkulu anali magolovesi. Anthu athu osamalira okalamba amakhala ndi magolovesi a buluu m'thumba lililonse, ndiye wina, Mulungu amukhululukire, anatulukira kuti golovesi imakwana bwinobwino pa alamu. Ukafuna kukazinga usipa umene wabwera m'sutikesi kuchokera kumudzi, umakwera pampando, kuiveka alamu golovesi, n'kukazinga mwamtendere popanda woyandikana naye kugogoda khoma. Vuto lake, munthu akakhuta sakumbukiranso kukwera pampando. Nyumba zambiri za anthu athu zinali ndi dzanja la buluu lolendewera kudenga, zala zili pansi, mwezi ndi mwezi.

Golovesi yomweyo ndi imene inawakumanitsa ndi Anastasia. Mayi ameneyu anali atangofika kumene kuchokera ku Dedza ndi mwana wake wamkazi, Thandi, amene anali atangoyamba sukulu. Ankachita lendi chipinda cham'mwamba m'nyumba ina kuseri kwa Cape Hill. Pansi pankakhala Willard wa ku Chipata ndi mkazi wake, ndipo awiriwa ndi amene ankamuyang'anira Thandi mayi ake akapita ku shifiti ya usiku. Viza ya Anastasia inali yomangirira pa ntchito yake yosamalira okalamba, tulo take tinali ta masana, ndipo landilodi anali atachenjeza kale kuti oyandikana nawo akadandaulanso za phokoso la alamu, onse asake kwina. Kwa iye golovesi ija sinali nkhani yoseweretsa.

Loweruka lina masana, usipa uli pamoto, kunamveka odi. Anastasia anatsegula n'kutambasula dzanja monga mwana woleredwa bwino. Mlendoyo anamudutsa, anakweza ndodo, n'kukola golovesi ija ngati akugwetsa papaya. Alamu itangomva utsi wa usipa inayamba kukuwa, ndipo mzungu wa nyumba yoyandikana nayo anayamba kumenya khoma.

"Bambo, ndinu ndani, ndipo wakutumani ndani?" anafunsa Anastasia, supuni ili m'manja.

"Ndine Osborne. Mwaswera bwanji, mayi?"

Moniwo Anastasia sanauyankhe. Analavula zakukhosi zonse. Anati iye sanagone chiyambire dzulo, anati landilodi akawathamangitsa bambowa sadzawasunga kwawo, ndipo anamaliza ndi kunena kuti ku Dedza anthu akhala akuphika m'khitchini zaudzu utsi uli tolotolo kuyambira makolo, popanda kambale kolira kudenga, koma onse alipo. A Osborne anamvetsera atagwira ndodo ndi manja awiri, akugwedeza mutu ngati akugwirizana nazo zonse. Iye atatha mawu, iwo anayang'ana kamtsikana kamene kanaima pamasitepe katatseka m'makutu.

"Kwanu ku Dedza chitseko chimakhala pomwepo, mukangodzuka muli pabwalo," anatero. "Kuno mwanayu amagona m'mwamba, ndipo njira yake ndi masitepe okhawa. Inu muli ku shifiti, a pansiwa atagona, utsi ukamakwera apa adzamudzutse ndani?"

Anastasia anawatulutsa. Chitseko anachimenyetsa, golovesi anaibwezera, usipa anaudya mokwiya. Amati wakutsina khutu ndi mnansi, koma tsiku limenelo iye sankafuna mnansi. Funso lija lokha ndi limene linakana kutuluka m'nyumba. Linakwera naye basi, linalowa naye kuntchito, ndipo ngakhale pamene ankatembenuza gogo wachizungu pabedi, m'maso mwake munkangobwera masitepe aja.

Komabe kugonja sanagonje, poti Anastasia ndi munthu wa mtima wake. Nkhondo inatenga nyengo yonse yozizira. Iye akaveka golovesi, a Osborne ankabwera iye ali m'tulo, Willard n'kuwatsegulira, pakuti Willard ankawaopa ngati apongozi. Anayesa sokosi ya Thandi. Inachotsedwa, inachapidwa, n'kubwezedwa itapindidwa bwino. Anayesa jumbo. Pomaliza anachotsa batire n'kulibisa m'chitini cha mpunga. A Osborne anaika lina, ndipo Lamulungu kutchalitchi anamupatsa moni wansangala ngati palibe chachitika. Chopsetsa mtima kwambiri chinali chimenecho, kuti bambowo sankakwiya. Ukamakangana ndi munthu wosakwiya umatopa wekha.

Iye sankadziwa kuti a Osborne anali atamumva bwinobwino tsiku loyamba lija. Anali ataona kuti mayiyo sakunama: alamu inakhomedwa pakhomo penipeni pa khitchini, pamene ngakhale buledi wowotcha amailiza, ndipo m'mwamba munalibe ina. Ndiye anatembenukira kwa landilodi. Sanamuopseze, sanamukalipire. Ankangomuimbira foni m'mawa uliwonse n'kuyamba kumupatsa moni wa kwathu. Ankafunsa mmene wadzukira iye, mkazi wake, ana ake mmodzimmodzi, makolo ake, mwendo wa achimwene ake umene anamva kuti ukuvuta, ndipo pomaliza penipeni ankakumbutsa kuti nyumba ya lendi imayenera kukhala ndi alamu pansi ndi m'mwamba momwe. Landilodi uja anali munthu wouma mtima, koma moni wotere anali asanakumane nawo. Anagonja, n'kuwapempha kuti achite chilichonse chimene akufuna, bola asiye kufunsa za mwendo wa achimwene ake.

A Osborne anabwera ndi makwerero obwereka. M'khitchini anaikamo alamu yomva kutentha, yosalabadira utsi wa ndiwo. Ya m'kolido anaisunthira kutali ndi chitseko cha khitchini, ndipo ina anaikhoma pamwamba pa masitepe, pakhomo la chipinda chimene Thandi ankagona. Kenaka anamuitana mwanayo n'kumuphunzitsa kuti alamu ikalira asafune nsapato, asafune chidole, atsike, atuluke, ndipo asabwererenso. Iwo ankayankhula Chichewa, Thandi n'kumayankha m'Chingerezi, koma ankamvana kuposa anthu a mudzi umodzi. Usipa unayamba kukazingidwa chitseko cha khitchini chili chotseka, windo lili lotsegula, popanda phokoso. Anastasia anaona zonsezi, koma zikomo anamusunga m'kamwa.

Tsiku lake linafika pa tchuthi cha sukulu, dzuwa lili paliwombo. Anastasia anali atabwera ku shifiti n'kugona tulo tofa nato, Thandi ali pambali pake akuonera zidole pafoni. Mkazi wa Willard anali kuntchito. Willard anateleka mafuta kuti akazinge tchipisi, anaona kuti tomato watha, n'kuganiza zongothamangira kumsika wa ku Cape Hill. Chitseko cha khitchini anachisiya chotsegula. Kumsika kuja anakumana ndi mnzake wa ku Chipata amene anali asanaonane naye chichokere kwawo, ndipo inu mukudziwa mmene anthu a mudzi umodzi amachezera akakumana kudziko la eni.

Fungo Anastasia sanalimve ngakhale pang'ono. Anadzuka chifukwa nyumba yonse inkakuwa, ndipo Thandi ankamukoka mkono ndi mphamvu zonse. Atatsegula chitseko anaona utsi wakuda ukukwawa kudenga la masitepe. Maganizo ake oyamba anali pa chikwama cha mapasipoti chimene chinali pamwamba pa wodiropu, pakuti mlendo kunja kuno moyo wake uli m'mapepala. Anatembenuka kuti akachitenge. Mwanayo anakakamira, akumuuza m'Chingerezi kuti agogo a ndodo anati osatenga kanthu. Anatsika atawerama, opanda nsapato, n'kutulukira pamsewu.

Mzungu womenya khoma uja ndi amene anaimbira ozimitsa moto n'kufunditsa Anastasia ndi mwana wake bulangete. Inapsa ndi khitchini yokha, koma mmodzi mwa ozimitsa motowo anamuuza Anastasia mosapsatira kuti akadachedwa pang'ono, masitepewo sakadadutsika. Willard anatulukira ndi jumbo ya tomato, n'kuima pakati pa msewu kukamwa kuli yasa.

"Amayo, ine n'nangopita kugula tomato chabe," anatero. "Manje ni chani ichi?"

Nthawi yomweyo a Osborne anali akubwera chothamanga kuchokera kokwerera basi, ndodo ili m'manja, ukalamba ataiwala. Amene anawauza mpaka lero sadziwika. Anafika n'kugwira mutu wa Thandi ndi manja awiri. Anastasia, amene anawatulutsa m'nyumba ndi supuni, anagwada pansi pamsewu pomwepo, bulangete lili paphewa.

"Dzukani, amake Thandi, azungu akutiona," anatero motsitsa. "Ine sindinachite kanthu. Lakudzutsani ndi batire."

Atatero anapita kwa mkulu wa ozimitsa moto n'kumupempha mwaulemu kuti awalole kulowa akaone ngati alamu ya m'mwamba sinatsamwe ndi utsi. Anakanizidwa, ndipo anadandaula njira yonse.

Nkhaniyi inayenda m'matchalitchi ndi m'maphwando mpaka ku Walsall, ikukula pakamwa paliponse. Ena ankati a Osborne analota za motowo. Ena ankati anaumva kuthetheka ali ku Handsworth. Anthu amene kale ankazimitsa wailesi n'kukhala chete akamva ndodo ikugogoda, tsopano ankawaitana okha, tiyi ali pathebulo. Magolovesi anatsika kudenga n'kubwerera kuntchito yawo. Anastasia ankawaphikira Lamulungu lililonse, ndipo ngakhale iwo sankamva fungo la ndiwo zake, ankazitamanda ngati akumva. Iye akamawayang'ana akudya ankachita nawo mantha pang'ono, mantha aulemu amene munthu umakhala nawo pa wina amene anaona tsoka lako lisanafike n'kukana kutopa nawe.

A Osborne anatisiya nyengo yozizira ikuyamba. Mtima unangoima atakhala pampando kwawo ku Handsworth, nsapato ali chivalire, akukonzekera kupita kwa banja lina limene linali litangofika kumene. Anthu anasonkha, mtembo unapita ku Zomba. Panali kamkangano ngati ndodo itsale kapena ipite, koma amayi anati munthu sangayende ulendo wautali chotero popanda chogwirira, ndiye inaikidwa m'bokosi. Pa mwambo wotsanzikana nawo tchalitchi chinadzaza mpaka panja. Anastasia yekha kunalibe. Tsikulo anamuika pa shifiti ya masana, wosinthana naye anasowa, ndipo ntchito imene yagwira viza yako suikanira. Anasambitsa okalamba a eni tsiku lonse m'maso muli gwa. Misozi inakana kutuluka tsiku limenelo, ndipo inakanabe miyezi yotsatira.

Birmingham ndi mzinda waukulu, sungazindikire kuti nkhalamba imodzi yachokamo. Mabasi akuyendabe mumsewu wa Stratford, masitolo a ku Cape Hill akutsegulabe. Koma m'nyumba za anthu athu munalowa bata losasangalatsa. Chitseko chikagogodedwa tsopano amakhala wobweretsa katundu wa pa intaneti, amene amaponya phukusi n'kuthawa. Obwera kumene amafika, kupeza chipinda, n'kuyamba mashifiti popanda wowavutitsa, ndipo nawonso sadziwa chimene akusowa.

Kenaka, chaka chisanathe, nyumba zinayamba kulira. Inayamba ya ku Handsworth, kenaka ya ku Sparkhill, kenaka zina ndi zina. Apa m'pamene anthu anazindikira kuti zaka zonsezi palibe mmodzi wa iwo anagulapo batire la alamu, ndipo ambiri sankadziwa ngakhale mmene kambaleko kamatsegulidwira. Bambo aja ankasintha okha, pakati pa moni ndi tiyi, osanena.

Ya kwa Anastasia inalira madzulo ena atavala kale yunifolomu, chikwama chili paphewa. Inali ya pamwamba pa masitepe, pakhomo la Thandi. Mkazi wa Willard anamuuza mwachifundo kuti athamange basi isamusiye. Anati batirelo alichotsa yekha kuti mwana agone bwino, latsopano adzagula mawa. Anastasia anaima pamasitepe. Ankadziwa kuti akachedwa abwana amulemba m'buku la olakwa, ndipo munthu wa viza akalembedwamo sagona tulo. Anayang'ana chitseko cha chipinda chimene mwana wake akagone usiku wonse iye kulibe.

Anatsika n'kupita ku shopu ya pakona. Basi inamudutsa akutuluka m'shopumo, ndipo sanaiyang'ane n'komwe. Atabwerera anakwera pampando, Willard atagwira miyendo ya mpandowo, n'kulimbana ndi kambale kaja mpaka kanapotoka n'kutseguka. Anachotsa batire lakale, anaika latsopano, anabwezera pamalo pake. Kenaka anakweza chala n'kudina batani.

Alamu inakuwa, ndipo pansi pa phokoso limenelo misozi imene inakana kutuluka miyezi yonseyo inamasuka. Analira mokweza, kulira kwa pamaliro kwenikweni, ataima pampando ndi yunifolomu yake, popanda womumva. Thandi anatuluka m'chipinda akufuula m'Chingerezi kuti ikugwira ntchito, asiye tsopano. Anastasia anamumva, koma chala sanachichotse pabatanipo mpaka atamaliza kuwalira.